MOYO WA A HYMAN RICKOVER, MLONDA WA MOTO WA NYUKILIYA

Caka ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anatsika ndipo malaiti anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, tinamva anthu pa zigayo ndi m'misika akufunsana cifukwa cake dziko lathu silipanga magetsi a nyukiliya monga maiko ena. Funsoli ndi la nzeru. Koma akulu anati safunsa anadya phula, cotero tisanayambe kulakalaka moto wa mtundu umenewu ndi bwino tiyambe tadziwa kasungidwe kake. Lero tikusimbirani moyo wa munthu amene anakhazikitsa malamulo ambiri osamalira ng'anjo za nyukiliya ndi mafuta ake. Munthuyo ndi a Hyman Rickover, msilikali wa pamadzi wa ku America, amene anamwalira mu 1986.

A Rickover anabadwa pa 27 Januwale 1900 m'tauni yaing'ono ya Maków Mazowiecki ku Poland, dera limene nthawi imeneyo linali m'manja mwa mfumu ya ku Russia. Banja lao linali la Ciyuda ndipo atate ao anali telala. Cifukwa ca umphawi ndi mazunzo amene Ayuda anali kukumana nao, atate anatsogola kupita ku America, ndipo mu 1906 mnyamatayo anatsatira pamodzi ndi amai ake ndi mlongo wake. Anakhala pang'ono ku New York kenaka anakakhazikika ku Chicago. Anayamba maganyu ali ndi zaka 9, ndipo ali ku sekondale anali kugwira nchito yopereka matelegalamu akaweruka ku sukulu. Ndalama za ku yunivesite panalibe. Mwai unapezeka mu 1918 pamene analoledwa kulowa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis, kumene boma ndilo linali kulipira zonse. Anatsiriza mu 1922, ndipo pambuyo pake anaonjezera maphunziro a za magetsi pa yunivesite ya Columbia.

Pakati pa 1929 ndi 1933 anagwira nchito m'masabumarini, ndiko kuti sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi. Sitima za masiku amenewo zinali kuyendera dizilo zikakhala pamwamba ndi mabatire zikamira. Injini ya dizilo imafuna mpweya, cotero sitima inali kukakamizika kuvuuka kawirikawiri kuti idzaze mabatire, ndipo apo ndi pamene adani anali kuiona. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse a Rickover anali mkulu woyang'anira zipangizo za magetsi za sitima zonse zankhondo za America. Kumeneko anachuka ndi khalidwe lokana katundu wosalimba ngakhale wocokera ku makampani akuluakulu.

Mu 1946 anatumizidwa ku Oak Ridge, m'cigawo ca Tennessee, kukaphunzira za mphamvu ya atomu. Miyala yambiri ya yureniyamu imene America inali kugwiritsa nchito m'zaka zimenezo inali kucokera kwa anansi athu, pa mgodi wa Shinkolobwe pafupi ndi Likasi ku Katanga. Ku Oak Ridge a Rickover anaona cinthu cimodzi cacikulu: moto wa nyukiliya sufuna mpweya. Sitima yokhala ndi ng'anjo yotere ingathe kukhala pansi pa nyanja miyezi, malinga cakudya cilipo.

KAGWIRIDWE KA NG'ANJO

Kuti timvetse nchito yao tiyenera kudziwa pang'ono mmene ng'anjo imeneyi, imene akatswiri amaicha riyakita, imagwirira nchito. Cimene amati mafuta ake si camadzi monga dizilo ai. Ndi yureniyamu youma yotsekeredwa m'timapaipi kapena m'timbale ta citsulo. Maatomu a yureniyamu akamasweka amatulutsa kutentha kwakukulu pamodzi ndi tizidutswa tochedwa neutron, ndipo timeneti timakaswa maatomu ena. Kuti moto usapitirire muyezo pamakhala ndodo zimene zimameza tizidutswato. Ndodo zikalowa pakati pa mafuta moto umacepa, zikazulidwa umakula. Pamodzi ndi kutentha pamatulukanso ceza coopsa cosaoneka ndi maso, cosanunkha, cimene cimaononga thupi ndi kuyambitsa khansa.

Mtundu wa ng'anjo umene a Rickover anasankha umagwiritsa nchito madzi wamba opanikizidwa kwambiri, pafupifupi kuwirikiza ka 150 kupanikiza kwa mpweya umene timapuma. Cifukwa ca kupanikizako madzi amatentha kufika madigiri 300 koma osawira. Madzi amenewa amazungulira m'mapaipi otsekeka ndipo amapereka kutentha kwao ku madzi ena a m'mapaipi apadera. Madzi aciwiriwa ndiwo amasanduka nthunzi yozunguza makina. Cotero madzi okhudzana ndi mafuta sasakanikirana ndi madzi opita ku injini.

Panali vuto la citsulo cokutira mafuta. Cinafunika citsulo cosacita dzimbiri m'madzi otentha, komanso cosameza ma neutron. Citsulo cochedwa zirconium cinali kuyenera, koma panthawiyo cinali kupezeka pang'ono cabe, ndipo m'cilengedwe cimakhala cosakanikirana ndi cina cochedwa hafnium, cimene cimameza ma neutron kwambiri. A Rickover analamula kuti njira yolekanitsira ziwirizi ipezeke ndipo zipangidwe zambiri. Zirconium inakhala cokutira mafuta, ndipo hafnium inakhala ndodo zocepetsera moto. Mpaka lero mafuta a ng'anjo zambiri pa dziko lapansi amakutidwa ndi zirconium.

Asanaike ng'anjo m'sitima, anayamba amanga ina yoyesera pamtunda, m'cipululu ca Idaho. Anakana zoiyala m'nyumba yaikulu kuti ikhale yosavuta kukonza. Anaumirira kuti imangidwe m'cimango copanikizika cofanana ndendende ndi mimba ya sabumarini, kuti zovuta zonse zionekere pamtunda pomwepo osati pansi pa nyanja. Ng'anjoyo inayaka mu Malichi 1953, ndipo mu Juni caka comweco anaiyendetsa masiku anai osalekeza monga ngati sitima ikuoloka nyanja ya Atlantic.

Mu 1954, pamene sitima yoyamba yochedwa Nautilus inali kuyesedwa pa doko, paipi ina ya nthunzi inaphulika. Atafufuza anapeza kuti siinali ya mtundu umene unalamulidwa, ngakhale kuti ndi maso inali kuoneka cimodzimodzi. Popeza panalibe wodziwa kuti mapaipi olakwika alowa pati ndi pati, a Rickover analamula kuti onse okaikitsa acotsedwe, ngakhale kuti nchito inacedwa miyezi. Kucokera pamenepo citsulo ciriconse colowa m'ng'anjo cinayenera kukhala ndi cizindikiro ndi mapepala oonetsa kumene cinacokera ndi amene anaciyesa.

Nautilus inayamba kuyenda ndi mphamvu ya nyukiliya pa 17 Januwale 1955. Ndi mafuta oyamba okha inayenda makilomita pafupifupi 100,000. Pa 3 Ogasiti 1958 inadutsa pansi pa madzi oundana a kumpoto kwenikweni kwa dziko. Boma linapatsanso a Rickover nchito yomanga malo opangira magetsi a anthu wamba ku Shippingport, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio ku Pennsylvania. Malowo anayamba kugwira nchito mu Disembala 1957 ndipo anali kupereka mamegawati 60, ocepa kwambiri poyerekeza ndi 1,080 a makina a ku Kariba North Bank. Komabe kumeneko ndi kumene makampani ambiri anaphunzirira nchitoyi. Mwa ng'anjo zoposa 400 zopanga magetsi pa dziko lapansi, zoposa 300 ndi za mtundu umenewu wa madzi opanikizidwa, kuphatikizapo ziwiri za ku Koeberg pafupi ndi Cape Town, kumene magetsi anayamba kupangidwa mu 1984.

MALAMULO AO

Cimene cinachukitsa a Rickover koposa makina ndi kayendetsedwe ka anthu. Lamulo lao loyamba linali lakuti nchito iriyonse ikhale ndi mwini wake wodziwika ndi dzina. Anali kuphunzitsa kuti munthu angathe kugawira anzake nchito, koma udindo umatsala pa iye, ndipo ngati cinthu calakwika koma palibe munthu mmodzi womuloza cala, ndiye kuti panalibe woyang'anira kucokera paciyambi. Cotero anali kudana ndi makomiti obisalamo komanso kusinthasintha akuluakulu a nchito zaka ziwiri zirizonse.

Laciwiri linali kusankha ndi kuphunzitsa anthu. Ofisala aliyense wofuna kugwira nchito pa ng'anjo anayenera kuyamba waonana ndi iwo eni, ndipo anafunsa anyamata zikwizikwi m'zaka zao zonse. Wopambana anali kuphunzira miyezi 6 m'kalasi ndi miyezi ina 6 pa ng'anjo yeniyeni ya pamtunda. Mayeso sanali kutha ai. Magulu a oyendera anali kufika m'sitima kudzayesa anchito onse, ndipo akalephera ng'anjo inali kuzimitsidwa. Mmodzi wa anyamata amene anadutsa m'manja mwao ndi a Jimmy Carter, amene anadzakhala pulezidenti wa America mu 1977.

Lacitatu linali kutsata zolembedwa. Wotsegula vavu anayenera kuwerenga lamulo, kubwereza mau amene wauzidwa kuti womutuma amve, ndi kulemba zimene wacita. Ngati lamulo linali lolakwika, njira inali kuimitsa nchito ndi kupempha kuti lisinthidwe, osati kulidumpha mwakacetecete. Lacinai linali kuulula zolakwa zikali zazing'ono. Akapitao a sitima ndi nthumwi zao za m'mafakitale anali kuwalembera makalata kawirikawiri ofotokoza zovuta, ndipo wolemba kuti zonse ziri bwino ndiye anali kukaikiridwa. Pomaliza, iwo eni anali kukwera pafupifupi sitima iriyonse yatsopano pa ulendo wake woyamba womira, kuti ngati pali cina cobisika afere limodzi ndi anyamatawo.

Zipatso zake zinaoneka. M'zaka zonse za utsogoleri wao palibe ng'anjo ya m'sitima ya America imene inasungunuka kapena kupha anthu ndi ceza. Ku Soviet Union zinali zosiyana: mu Julayi 1961 madzi oziziritsa ng'anjo ya sitima yochedwa K-19 anataika, ndipo amuna 8 amene analowa kukakonza anamwalira m'masabata ocepa. Izi sizitanthauza kuti ku America kunalibe maliro. Pa 10 Epulo 1963 sitima ya Thresher inamira ndi anthu 129, ndipo mu 1968 Scorpion inamira ndi anthu 99. Ofufuza za Thresher anaganiza kuti paipi ya madzi a m'nyanja inaphulika, ng'anjo inazima yokha, ndipo sitima inasowa mphamvu yokwerera pamwamba. A Rickover anasintha malamulo kuti ng'anjo ikazima izitha kuyatsidwanso msanga. Ng'anjo za sitima ziwirizi zikali pansi pa nyanja ya Atlantic.

Pa 28 Malichi 1979 kunacitika ngozi pa malo opangira magetsi a Three Mile Island ku Pennsylvania. Vavu ina inakanirira yotseguka ndipo madzi anayamba kutaika, koma nyali ya pa bolodi inacititsa anchito kuganiza kuti yatsekeka. Iwo anacepetsa madzi othandiza pa ngozi, ndipo pafupifupi theka la mafuta linasungunuka. Apa pali phunziro limene aliyense ayenera kulidziwa: ng'anjo ya nyukiliya siizima monga nyali. Ngakhale ndodo zonse zitalowa, mafuta amapitiriza kutulutsa kutentha, pafupifupi magawo 6 kapena 7 pa 100 pamene yangozimitsidwa, ndipo kutenthako kumacepa pang'onopang'ono. Madzi akasiya kuyenda mafuta amasungunuka, monganso zinacitikira ku Fukushima ku Japan mu 2011. Cacisoni n'cakuti vuto lofanana ndi la ku Three Mile Island linali litacitika kale mu 1977 pa malo ena ochedwa Davis-Besse, koma cenjezo silinafike kwa anchito a kwina. A Rickover anaitanidwa kukafotokoza njira zao pamaso pa opanga malamulo ndi ofufuza ngoziyo. Caka comweco makampani anakhazikitsa bungwe loyendera malo ao onse ndi kugawana malipoti a zolakwa, lochedwa INPO, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali a Dennis Wilkinson, kapitao woyamba wa Nautilus.

ZINYALALA ZIMENE SIZIOLA

Tsopano tifike pa mbali imene ngakhale munthu wolimba cotere sanathe kuimaliza. Mafuta akatha mphamvu amakhala oopsa kwambiri kuposa pamene anali atsopano. Munthu woima pafupi nao popanda chingo angafe. Cotero amayamba aikidwa m'madamu akuya a madzi kwa zaka zingapo, kawirikawiri zisanu kapena kuposerapo, cifukwa madzi amaziziritsa ndi kuchinga ceza. Kenaka amasamutsidwira m'migolo ikuluikulu ya citsulo ndi konkire. Zina mwa zimene ziri m'mafutawo, monga caesium-137, mphamvu yake imacepa ndi theka pa zaka 30. Koma plutonium-239 imafuna zaka 24,000 kuti icepe ndi theka.

Kuyambira mu 1957 mafuta otha a m'sitima anali kutumizidwa pa njanji ku Idaho, kumene akatswiri anali kuwapima kuti adziwe mmene angapangire olimba. Nchito imeneyi inathandiza kwambiri. Mafuta oyamba a Nautilus anatha m'zaka ziwiri, pamene masabumarini atsopano amapangidwa kuti ayende zaka zoposa 30 osasintha mafuta, ndipo zinyalala zimacepa. Koma panali zolakwikanso. Sitima yaciwiri, Seawolf, inali ndi ng'anjo yoziziritsidwa ndi citsulo camadzi cochedwa sodium, imene inali kudontha. A Rickover anaikana ndi kuikamo ya madzi, ndipo mu 1959 cimphika ca ng'anjo yakaleyo, atacotsamo mafuta, cinataidwa m'nyanja ya Atlantic. Masiku amenewo maiko angapo anali kucita zotero, mpaka mu 1993 pamene pangano la maiko linaletseratu kutaya zinyalala za nyukiliya m'nyanja.

Malo a Shippingport anatsekedwa mu 1982, ndipo nchito yowagumula inatha mu 1989. Cimphika ca ng'anjo cinanyamulidwa pa bwato lalikulu kutsika mitsinje ya Ohio ndi Mississippi, kudzera pa ngalande ya Panama, mpaka ku Hanford m'cigawo ca Washington kumene cinakwiriridwa. Izi zinaonetsa kuti malo otere angathe kugumulidwa ndi kuyeretsedwa ngati ndalama ndi mapepala zasungidwa bwino. Koma manda osatha a mafuta otha America siinawapezebe. Mu 1987 anasankha phiri la Yucca ku Nevada, anthu a kumeneko anakana, ndipo pofika 2011 boma linaleka kuperekako ndalama. Matani oposa 80,000 a mafuta otha akali m'madamu ndi m'migolo pa malo osiyanasiyana. Cigawo ca Idaho cinacita pangano ndi boma mu 1995 kuti mafuta otha adzacotsedwe kumeneko pofika 2035. Dziko limene latsogola pa nkhaniyi ndi Finland, limene mu 2004 linayamba kukumba malo ochedwa Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, kuti mafuta aikidwe m'migolo ya kopa yozunguliridwa ndi dongo ndipo akhale mmenemo zaka 100,000.

ZOFOOKA ZAO NDI MATSIRIZIRO

Tingakhale onama tikanena kuti a Rickover anali munthu wosavuta. Anali aukali, olalata, ndipo anali kunyazitsa anyamata powafunsa, ena kuwakhazika pa mpando wodulidwa miyendo ya kutsogolo. Akuluakulu anzao sanali kuwakonda. Mu 1951 ndi mu 1952 anakanidwa kukwezedwa pa udindo, zimene zikanawacotsa nchito, koma nyumba ya malamulo inalowererapo ndipo mu 1953 anakhala Admiral. Atakalamba anakangana kwambiri ndi makampani omanga sitima pa nkhani ya mitengo ndi kuocherera kolakwika. Pa 31 Januwale 1982, mu ulamuliro wa a Ronald Reagan, anapumitsidwa mokakamiza ali ndi zaka 82, atatumikira zaka 63. Mu 1985 anadzudzulidwa mwa kalata cifukwa colandira mphatso za madola pafupifupi 67,000 m'zaka zambiri kucokera ku kampani ya General Dynamics, yomweyo imene anali kuiyang'anira. Munthu amene anali kufufuza aliyense analibe womufufuza mokwanira.

Masiku ocepa asanapume anauza opanga malamulo kuti sanali kunyadira nchito ya moyo wao. Anafotokoza kuti anaigwira cifukwa dziko lao linafunika citetezo, koma ceza cimene anthu akucurukitsa ndi coopsa ku zamoyo zonse, ndipo akanakonda kuti zida za nyukiliya zithetsedwe. Anamwalira pa 8 Julayi 1986, pasanathe miyezi itatu cicitikire ngozi ya ku Chernobyl, ndipo anaikidwa m'manda a asilikali ku Arlington.

Nkhaniyi siiri kutali ndi ife monga mmene ingaonekere. Miyala ya yureniyamu iripo ca ku Siavonga ndi Chirundu, komanso m'miyala ya kopa ya ku Lumwana. Mu 2005 nyumba yathu ya malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu ku ceza, limene linabala bungwe la Radiation Protection Authority, ndipo mu 2018 boma linasainirana pangano ndi kampani ya Rosatom ya ku Russia lomanga malo a kafukufuku wa nyukiliya ku Chongwe. Tikudziwanso za Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu ukali kudwalitsa ana. Cotero tsiku limene akuluakulu adzabwera kwa mafumu ndi kwa ife alimi kudzapempha malo a mgodi wa yureniyamu kapena a ng'anjo, tidzawalandire mwaulemu ndi kuwafunsa mafunso a a Rickover. Kodi woyang'anira ndani, dzina lake? Anaphunzira kuti, ndipo amamuyesa ndani? Wanchito akaona colakwika adzanena kwa yani osaopa kucotsedwa? Madzi a m'zitsime zathu adzapimidwa kangati, ndipo zotsatira tidzaziona? Nanga zinyalala zidzaikidwa pati, ndipo ndalama zozisamalira kampani ikadzapita zasungidwa kuti? Mayankho ake alembedwe pa pepala ndi kusainidwa, cifukwa amene adzakhala ndi zinyalalazo ndi adzukulu a adzukulu athu.